Nthochi zopaka mayonesi, amadyadi?

Funso: Mwana wanga wamkazi akuphunzira unamwino ku Kentucky, m'dziko la America. Wanditumizira chithunzi cha chakudya chimene anadya pa phwando la kutchalitchi: nthochi zakupsa zopaka mayonesi, zogubuduzidwa mu mtedza. Akuti dzina lake ndi banana croquettes. Kodi anthu amadyadi zimenezi, kapena ankangomuyesa poti ndi mlendo? Ndine mayi wa ku Chinamwali, Zomba.

Yankho: Mayi, mtima m'malo, mwana wanu anamulandira bwino. Chakudyachi n'cha ku Kentucky komweko, ndipo ngakhale Amereka a m'madera ena ambiri sachidziwa. Chimapezeka pa zakudya za kutchalitchi ndi pa tsiku la Thanksgiving, mu Novembala, pamene abale asonkhana.

Nthochi sizilimidwa kumeneko, chifukwa kumazizira. Kale zinkatsika pa doko la New Orleans kuchokera ku Central America, n'kukwezedwa m'sitima za pamtunda za kampani ya Illinois Central. Sitimazo zinkaima pa tauni ya Fulton, ku Kentucky, kuti athiremo ayezi wina nthochi zisaonongeke. Tauniyi inatchuka nazo mpaka inayambitsa chikondwerero cha nthochi m'zaka za m'ma 1960.

Ine ndinayesa kukonza sabata yatha, ndipo apa ndipamene ndikufuna mumvetsetse. Musakazinge nthochizo, ngakhale dzinalo kwina limatanthauza chokazinga. Tengani zakupsa koma zolimba, zopanda mawanga akuda. Dulani iliyonse patatu. Pakani mayonesi pang'ono chabe, wongokwanira kuti mtedza umatirire. Ena kumeneko amaphika msuzi wa dzira, shuga ndi viniga m'malo mwa mayonesi, ndipo ine ndaona kuti umenewu ndiye umakoma koposa, chifukwa kuwawasa kwa viniga kumachepetsa kutsekemera kwa nthochi.

Nkhani yagona pa mtedza. Ukazingeni m'chiwaya, mupukuse makoko, muupete, kenako musinje pang'ono mu mtondo. Musafike pa nsinjiro ayi. Koyamba ine ndinasinja kwambiri monga timachitira potendera nkhwani, ndipo zinatuluka zaphalaphala, ana anangolawa n'kusiya. Kachiwiri ndinasiya tizidutswa tomveka m'mano, mbale inatha ndisanakhale pansi.

Konzani nthawi yodya itayandikira, poti nthochi yosenda sichedwa kuda. Ndipo mumuuze mwanayo afunse mayi amene anakonza kutchalitchiko ngati anathira mayonesi kapena msuzi wophika uja.