Kodi kusiya njerwa zootcha n'kokwanira?

Mayi ena a ku Lilongwe anditumizira imelo yofotokoza kuti mvula ikangotha ayamba kumanga nyumba za lendi, ndipo asankha mabuloko a simenti m'malo mwa njerwa zootcha. Funso lawo ndi lakuti, kodi pamenepa achita zokwanira poteteza chilengedwe, kapena pali zina zoyenera kuuza amisiri awo?

Mayi, mwayamba bwino. Uvuni wa njerwa umadya zipika zikuluzikulu, kawirikawiri za mitengo yachilengedwe, ndipo powumba pamatsala maenje amene m'dzinja amadzaza madzi, udzudzu n'kumaswana momwemo. N'chifukwa chake mu 2018 boma, kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la National Construction Industry Council, linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda.

Komabe mabuloko amafuna mchenga, ndipo aliyense amene waona momwe magombe a mtsinje wa Lingadzi ndi wa Lilongwe akugumukira chifukwa cha okumba mchenga akudziwa kuti vuto likhoza kungosamuka kuchoka kunkhalango kupita kumtsinje. Funsani wa lole kumene watenga mchengawo, ndipo ngati n'kotheka gulani mabuloko owumbidwa ndi fumbi la kwale.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi zochitika za tsiku ndi tsiku papuloti, zimene eni nyumba ambiri saziyang'ana n'komwe. Ndinaonapo puloti ina pamene mwini wake analamula kuti mtengo wa mango usadulidwe, ndipo sunadulidwedi. Koma anyamata ankakandira simenti pamthunzi pake n'kumatsukira mawilibala ndi mafosholo patsinde pomwepo, moti pamene nyumba inkafoleredwa masamba anali atayamba kale kuyoyoka. Madzi a simenti amaotcha mizu ndi kuumitsa nthaka. Choncho musanakumbe maziko, yendani ndi foromani wanu, mutchinge mitengo yotsala, musankhe malo amodzi okandira simenti, ndipo pambali pake pakumbidwe dzenje laling'ono lotsukiramo zida, kutali ndi ngalande komanso chitsime.

Dothi lakuda lapamwamba liwunjikidwe palokha, chifukwa ndi lomwelo mudzalifuna podzala kapinga ndi ndiwo zamasamba. Likasakanizika ndi katondo wa m'maziko mudzaligulanso ndi ndalama. Milu ya mchenga itchingidwe ndi mabuloko kuti mvula yoyamba isaikokolere mumsewu. Matumba a simenti ndi mapulasitiki asatenthedwe, zotsala za penti ndi oyilo zisatayidwe pansi, pomwe zibenthu za mabuloko zikhoza kukwiriridwa pansi pa fulo m'malo mokatayidwa kudambo. Matabwa ndi mapolo a bulugamu azulidwe misomali ndi kusungidwa, popeza mudzawafunanso pa nyumba yachiwiri. Ndipo chimbudzi cha antchito chimangidwe tsiku loyamba, osati mawa. Mzinda umene unavutika ndi kolera mu 2022 ndi 2023 suyenera kukumbutsidwa chifukwa chake.

Zonsezi musangozinena pakamwa, mayi, chifukwa mmisiri wolipidwa potengera msinkhu umene khoma lafika amathamangira khomalo basi. Zilembeni m'pangano lanu, ndipo mugwirizane kuti gawo lililonse la malipiro lidzaperekedwa mukayendera limodzi puloti yonse, mpaka kuseri kumene kumabisidwa zinyalala.