Kyubu ya pa 5-3 ija: yankho kwa mphwanga

Mphwanga, funso lako ndalimva. Ukuti match ya backgammon inali ya mapointi 7, iwe uli pa 5, mnzakoyo pa 3. Utaona kuti watsogola pang'ono unadabula (unakweza kyubu, kadayisi kochulukitsa mapointi a gemu, kufika pa 2), iye n'kulandira, pomwepo n'kukubwezera kyubu pa 4, match n'kupita. Ndiye ukufunsa ngati unalakwitsa. Eya, unafulumira, ndipo mnzakoyo anachita zoyenera.

Uziwerenga mapointi otsala, osati amene uli nawo. Iwe unkasowa 2, iye 4. Kyubu itafika pa 2, iyeyo akanaluza gemuyo match inali itatha kale, ndiye kubweza pa 4 sikunamuwonongere kanthu. Kwa iwe 2 ndi 4 n'chimodzimodzi, koma kwa iye 4 ndiyo match yonse. Kudabula kwakoko kunali ngati kumuuza kuti tiyeni gemu imodziyi itiweruze.

Tsopano tamvetsa apa, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Lamulo lija loti munthu alandire ngati mwayi wake ukufika 25 peresenti ndi la masewera a ndalama. Mu match munthu amadzifunsa kuti, ndikakana nditsala ndi mwayi wanji? Mnzako akanakana zikanakhala 6-3, n'kulowa gemu ya Crawford, ija saloleza kudabula. Matebulo a match equity, oonetsa mwayi wowina match malinga ndi mapointi otsala, amasonyeza kuti pamenepo wotsalirayo ali ndi mwayi wa pafupifupi 19 peresenti. Choncho pa gemu yanuyo ankangofunika kupitirira 19 kuti alandire. Iwe utangotsogola pang'ono, kwa iye sichinali chinthu choganizira n'komwe.

China ndi gammon, kuwina mnzako asanatulutse ngakhale kamwala kamodzi, komwe kumapatsa mapointi kawiri, ndipo ichi ndiye chimandiwawa kwambiri. Kyubu ili pa 1, gammon ikukupatsa mapointi 2, match yatha, iye osakhudzako kyubu. Ukangodabula, gammon yako ilibenso ntchito. Ndiye ukakhala pa 5-3, kamwala kake kali pa bar (pakati pa bolodi, poika kamwala komenyedwa), tina tili tokhatokha poti ungatimenye, kyubu isiye pakati, pitiriza kumenya.

Nanga udabule liti? Timiyala tikadutsana, patangotsala liwiro lothamangira kunyumba, gammon palibe, ndipo mwayi wako ukuyandikira 80 peresenti. Werenga ma pip, masitepe otsala kuti utulutse timiyala tako tonse; aliyense amayamba ndi 167. Pa ndalama timati udabule ukatsogola ndi 8 peresenti ya ma pip, ndipo mnzako angalandire mpaka atatsalira ndi 12. Pa 5-3 iye amalandira ngakhale atapitirirako pa 12, ndiye iwe uyenera kudikira kuposa masiku onse.

Zikatembenuka, iwe pa 3 iye pa 5, dabula msanga pakangooneka mpata wa gammon. Gammon ya kyubu ya 2 ndi mapointi 4, ndendende amene ukusowa, ndipo iye sangakubwezere kyubu chifukwa sipamuthandiza.

Pa 5-5 napo pali zake. Wokana amatsala ndi mwayi wa pafupifupi 32 peresenti, ndiye ukazengereza mpaka mnzako atatsika pansi pa 32 akana, iwe n'kungotola pointi imodzi. Dabula ukangotsogola, ngakhale pang'ono.

Gemu ya Crawford ikadutsa, wotsalira adabule pa mpata woyamba, osadikira. Ngati ndiwe wotsogola pa 6-5 ndipo madayisi oyamba sanakukomere, kana. Zikhala 6-6, ndipo ndi gemu imodzibe yoweruza, koma mukuyambiranso mofanana.

Madzulo ano tsegula GNU Backgammon, ndi pulogalamu yaulere, uikemo bolodi lija ndipo usaiwale kulemba kuti ndi 5-3 pa match ya 7. Kenako usinthe ikhale ya ndalama, uone mmene yankho lisinthire. Unditumizirenso chithunzi cha bolodilo muno m'gulu, ndione ngati panali gammon yoti ukanaithamangira.