Wosewera wotayidwa pa FPL Draft satengeka tsiku lomwelo

Achimwene, mwafunsa ziwiri: chifukwa chiyani wosewera amene mnzanu wangomutaya mu ligi yanu ya FPL Draft (masewera a pa intaneti opanga timu ndi osewera a Premier League ya ku England) akukanika kutengeka, komanso ngati mungaike makontirakiti kuti osewera ena akhalebe anu chaka chamawa.

Tiyambe ndi loyambalo. Mu Draft mulibe ndalama zogulira osewera, mulibe kaputeni, ndipo wosewera aliyense amakhala ndi mwini mmodzi mu ligi yonse. Chuma chanu ndi malo anu pamzere wa waiver basi. Sabata iliyonse ili ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndi cha waiver: mumalemba pempho kuti ndikufuna uyu, atuluke uyu, koma palibe chimene chimasintha mpaka mapempho onse aweruzidwe pamodzi, nthawi zambiri maola 24 deadline (nthawi yomaliza yosinthira timu) isanakwane. Zikatero pamatseguka free agency, pamene wosewera wopanda mwini amatengedwa ndi amene wayamba kudina, mpaka deadline, yomwe imakhala mphindi 90 mpira woyamba usanayambe.

Amene watulutsidwa kumene, kaya pa waiver kaya pa free agency, salowa m'gulu la otengeka pompopompo. Amatsekeredwa, ndipo mudzamupempha pa waiver yotsatira. Lamuloli ndi labwino kwambiri. Popanda ilo, anthu awiri akanamapangana mseri kuti iwe utaye pakati pa usiku, ine nditole ena ali m'tulo.

Mzere wa waiver umayenda motere: amene ali kunsi kwa ligi ndiye woyamba, wotsogolera ligi ndiye womaliza. Pempho lanu likatheka, mumabwerera kumapeto kwa mzerewo. Apa mpamene ambiri amaluzira. Munthu amaika goloboyi wa pabenchi pamwamba pa mapempho ake, womwetsa zigoli amene akumufunitsitsa n'kumuika wachiwiri. Goloboyiyo amamupezadi, koma mwayi woyamba watha, womwetsa uja wapita kwa wina. Sanjani mapempho kuyambira amene akupikisanidwa kwambiri. Ndipo mukhoza kulemba wotuluka yemweyo pa mapempho atatu kapena anayi: loyamba likakanika, lachiwiri liyesedwa, likatheka, otsalawo amangofa okha. Kumbukiraninso kuti timu ndi ya anthu 15, magoloboyi 2, otseka kumbuyo 5, apakati 5, akutsogolo 3, choncho wapakati amasinthana ndi wapakati mnzake. Simungatulutse wotseka kumbuyo kuti mulowetse wakutsogolo.

Nthawi nayo imapusitsa. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, Malawi amakhala patsogolo pa England ndi maola awiri, miyezi inayo ndi ola limodzi. Mpira wa 12:30 ku England Loweruka mu Disembala ndi wa 14:30 kuno, deadline yake 13:00. Sabata imene kuli mpira Lachisanu usiku, waiver imaweruzidwa Lachinayi.

Za makontirakiti: FPL Draft ilibe zimenezo. Nyengo ikatha, matimu amatha, mumasankhanso mwatsopano. Fantrax, webusayiti ina ya masewera ngati omwewa, ndi imene ili ndi malo osungira osewera ndi makontirakiti. Mukafuna kukhalabe pa FPL Draft, ndiye kuti ndi pangano la inu nokha, ndipo mulilembe pagulu la WhatsApp draft (kusankha osewera mosinthanasinthana poyamba nyengo) isanachitike, osati mkangano utabuka kale.

Ine ndingalangize kuti aliyense asunge osewera osapitirira 3, ndipo kontirakiti isapitirire nyengo ziwiri. Mukalola ambiri, amene anagwira Erling Haaland, yemwe anamwetsa zigoli 36 mu ligi mu 2022/23, adzakhala pamwamba chaka ndi chaka ndipo ena adzagwa ulesi. Kusunga kukhale ndi mtengo wake: wosungidwayo mwini wake amutenge m'maraundi oyambirira a draft, ena onse osamukhudza. Popeza kompyuta sidziwa pangano lanu, amene sadzakhalapo tsiku la draft aike osungidwa ake pamwamba pa watchlist (mndandanda wa osewera amene akuwafuna), komanso achotsemo a anzake, chifukwa makina akamasankhira munthu amayambira pamndandandawo.

Mfundo imene imadanitsa anthu kwambiri ndi ya wosewera wochoka mu Premier League. Harry Kane anapita ku Bayern Munich mu Ogasiti 2023, nyengo ikungoyamba kumene, magulu ambiri atachita kale draft. Mu 2025 Trent Alexander-Arnold anapita ku Real Madrid, Kevin De Bruyne ku Napoli. Lembani kuti wochoka mu ligi, kapena amene timu yake yatsika, kontirakiti yake yathera pomwepo popanda chipukutamisozi, ndipo akadzabwerera adzadutsa pa waiver ngati wina aliyense. Lembaninso kuti wotengedwa pa free agency angasungidwe pokhapokha atakhala m'timu yanu zenera logulira osewera la Januwale lisanatsekedwe, kuti munthu asamangotola anyamata ang'onoang'ono sabata yomaliza n'cholinga chowasunga.

Pa kusinthana osewera pakati pa anthu awiri, admini asankhe njira yakuti ena onse akhoza kukana. Makontirakiti akalowa, amene wataya chiyembekezo chaka chino amayamba kupereka osewera ake abwino kwa mnzake posinthana ndi oti adzawasunge, ndipo ligi imapendekera mbali imodzi. Ikani tsiku lomaliza losinthana, mwachitsanzo sabata ya masewero ya 28, ndipo wosinthidwa apite ndi zaka zotsala pa kontirakiti yake, osati kuyambanso kuwerenga.