Mafunso a Owerenga: Ndili pa PhD kunja, ndingapeze bwanji anzanga?

FUNSO: Alangizi, ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a PhD (digiri yapamwamba ya kafukufuku) ku Edinburgh, m'dziko la Scotland. Tsiku lonse limathera pa kompyuta, ndipo munthu amene ndimacheza naye kwenikweni ndi mphunzitsi amene amayang'anira kafukufuku wanga. Thupi layamba kulemera, msana ukundiwawa, ndipo ndikusungulumwa kwambiri. Ndimalakalaka nditamatuluka panja n'kupeza anzanga, koma ndikangoti ndinyamuke mtima umandiimba mlandu kuti ndikutaya nthawi yolemba. Nditani?
Wophunzira wa ku Edinburgh

YANKHO: Zikomo polemba, ndipo dziwani kuti simuli nokha. Mu 2019 magazini ya sayansi ya Nature inafunsa ophunzira a PhD oposa 6,000 a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo 36 mwa 100 alionse ananena kuti anakafunapo thandizo chifukwa cha nkhawa kapena kuvutika maganizo kobwera ndi maphunzirowa. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Pa digiri yoyamba munali ndi anzanu a m'kalasi ndiponso nthawi yoweruka, pamene PhD ndi ntchito ya munthu mmodzi imene sidziwika pothera, moti amene akudikira kuti amalize kaye kulemba ndiye azituluka, adzadikira mpaka tsiku lovala gauni. Nthawi yotuluka panja muiike m'ndandanda wa sabata, ndipo muziilemekeza monga mmene mumalemekezera nthawi yokumana ndi aphunzitsi anu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu zakwana kale, ndipo sindikhulupirira kuti pali kafukufuku amene angalephereke chifukwa cha theka la ola.

Pa nkhani ya anzanu, chimene ndikufuna kuti mugwiritse n'chakuti ubwenzi umakula anthu akamaonana mobwerezabwereza pamalo amodzimodzi. Katswiri wina wa pa University of Kansas, Jeffrey Hall, anapeza kuti pamafunika maola pafupifupi 50 ochezera limodzi kuti munthu wongodziwana naye ayambe kukhala mnzanu, ndipo maola oposa 200 kuti akhale bwenzi lapamtima. Maola amenewa simungawapeze pa phwando limodzi lolandira ophunzira atsopano. N'chifukwa chake ndikukulangizani kusankha gulu limodzi lokumana sabata iliyonse n'kulikakamira kwa miyezi itatu, ngakhale masabata oyambirira muzibwerera kunyumba musanalankhule ndi aliyense.

Poyambira pabwino ndi parkrun. Mwambowu unayamba mu 2004 ku Bushy Park mu London, ndipo tsopano umachitika m'mayiko ambiri: anthu amathamanga kapena kuyenda makilomita 5 Loweruka lililonse m'mawa, osalipira kalikonse. Ku Scotland amayamba 9:30, ndipo ku Edinburgh malo amodzi ochitira zimenezi ndi m'mphepete mwa nyanja ku Cramond. Mumalembetsa kamodzi pa intaneti. Musaope kuti mudzakhala womalizira, chifukwa pamakhala munthu wodzipereka amene ntchito yake ndi kuyenda pambuyo pa aliyense. Chofunika kwambiri n'chakuti musamathamangire kubwerera mukamaliza, popeza macheza enieni amachitika anthu akamapumula pamodzi. Mukamadzipereka kuthandiza, monga kulondolera othamanga njira, anthu adzadziwa dzina lanu msanga kuposa mukamangothamanga.

Ineyo ndimaona kuti kwa munthu wamanyazi, kuyenda ulendo wapansi ndi gulu kumaposa kuthamanga. Anthu akamayenda moyandikana kwa maola atatu kapena anayi, nkhani zimabwera zokha, ndipo kukhala chete kwa kanthawi sikuchititsa manyazi. Pamenepa muli ndi mwayi, chifukwa lamulo la Scotland la mu 2003 limalola anthu kuyenda m'malo ambiri a kutchire ndi kumapiri malinga ngati akusamala minda, ziweto ndi nyumba za eni ake. Phiri la Arthur's Seat, lotalika mamita 251, lili mumzinda momwemo, ndipo ku mapiri a Pentland mungafikeko pa basi. Mayunivesite ambiri ali ndi magulu okwera mapiri, koma mukaona kuti mwadzaza ana a digiri yoyamba amene zokamba zawo n'zosiyana ndi zanu, yesani bungwe la anthu oyenda maulendo apansi la Ramblers, limene lili ndi anthu a misinkhu yosiyanasiyana. Kucheza ndi anthu amene sadziwa chilichonse za kafukufuku wanu kumapumitsa mutu m'njira imene anzanu a m'dipatimenti sangathe.

Nyengo yozizira ndi imene imagwetsa ulesi anthu ambiri. Mu Disembala, dzuwa la ku Edinburgh limaoneka kwa maola pafupifupi 7 okha ndipo limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, choncho sinthani ndandanda kuti muzituluka masana n'kumalemba kukada. Pezani jekete losalowa madzi ndi nsapato zogwira bwino pansi, ndipo kumapiri musapite nokha mpaka mutazolowera nyengo yake, imene imasintha mwadzidzidzi. M'miyezi yofunda muzidzifufuza nkhupakupa mukachokera kutchire, chifukwa zina zimafalitsa matenda a Lyme. A bungwe la zaumoyo la boma ku Britain la NHS amalangizanso kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi yopanda dzuwa, ndipo amati anthu a khungu lakuda aganizire zomamwa chaka chonse.

Ngati mwakhala wosasangalala, wosagona bwino kapena wosafuna kudya kwa masabata oposa awiri, musayembekeze kuti kuyenda kokha kukuchiritsani. Kaonaneni ndi dokotala wanu kapena alangizi a za maganizo a pa yunivesite yanu, ndipo muwauzenso za msana umene ukukuwawawo.