Corolla ya malume yaima zaka 2: mukonze chiyani musanaigulitse?

Wowerenga wina wa ku Area 25 wandilembera kuti malume ake anasiya kuyendetsa chifukwa cha maso, ndipo Toyota Corolla yawo yangokhala pabwalo zaka 2. Iye akufuna kuipenta ndi kutsitsa injini kuti igulidwe bwino.

Achimwene, musatero. Penti yatsopano pa galimoto yakale imamupatsa wogula maganizo oti mukubisa ngozi, ndipo ndalama za injini sizibwerera pa mtengo wogulitsira. Zimandiwawa kuona mabanja akuthira ndalama za penshoni ya nkhalamba m'galimoto yomwe mawa ikhala ya wina.

Musanailize, tulutsani petulo wakale, poti akakhalitsa amasanduka nkhama n'kutseka fyuluta ndi pampu. Tsegulani boneti muone ngati makoswe sanadye mawaya. Sinthani oyilo ndi fyuluta yake. Malita 4 akwana. Yang'anani pansi pa chotsekera cha pothirira oyilo: mukapeza zoyera ngati tiyi wamkaka, mwina madzi akulowa mu injini chifukwa gasiketi, yomwe imatchinga madzi kuti asasakanikirane ndi oyilo, yapita. Ngati yapitadi, gulitsani galimotoyo momwe ilili, n'kumuuza wogula zoona. Ngati injini ndi 5A-FE, ili ndi timing belt, lamba wa labala wa mu injini, ndipo lambayu amang'aluka ndi zaka ngakhale galimoto isakuyenda. Ya 1NZ-FE ili ndi tcheni, musavutike nayo.

Mabuleki musanyengerere. Galimoto yoima nthawi yaitali, makamaka handibuleki itakokedwa, mabuleki akumbuyo amamatirira ndi dzimbiri. Brake fluid, mafuta a mabuleki, amayamwa chinyontho, mum'sinthe yense. Pa tayala pali manambala 4 a tsiku lopangidwa: 2317 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2017. Tayala lotero, ngakhale mano akuoneka, latha. Zipangizo zimapezeka ku Biwi, koma pitani ndi chakale m'manja, komanso ndi makaniko wanu, osati wokupezani pamsewu.

Chomwe chimagwetsa mtengo kwenikweni ndi mapepala. Onani kuti nambala ya chasisi ikufanana ndi ya m'bulubuku, dulani inshuwalansi, kenako COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu. Posintha umwini ku Road Traffic, malume apite okha ndi chiphaso chawo ndi traffic register card (khadi lowazindikiritsa ku Road Traffic komweko), musadalire madobadoba. Makiyi musapereke dzina lisanasinthe, chifukwa wogula akagunda munthu apolisi adzafika kwa malume. Ndipo mtengo womaliza anene ndi iwowo, galimoto ndi yawo.