Wogulitsa akufuna chithunzi cha khadi langa, ndimutumizire?

Bambo ena a ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, atilembera imelo. Apeza pampu yothirira ya sola pa Facebook, ndipo wogulitsayo akuti ali ku Johannesburg. Wawauza kuti ajambule khadi lawo la Visa mbali zonse ziwiri, atumize pa WhatsApp, iye adula yekha ndalamazo. Akufunsa ngati zimenezi n'zoyenera.

Bambo, musatumize. Ngati mwatumiza kale, imbirani banki yanu pompano atseke khadilo, zina muwerenga pambuyo.

Anthu ambiri amadalira PIN, poganiza kuti popanda iyo palibe angakhudze ndalama zawo. Zimenezo n'zoona pa ATM. Pa intaneti PIN siigwira ntchito. Pamafunika manambala 16 a khadi, mwezi ndi chaka chimene khadi lithere mphamvu, komanso manambala atatu akuseri aja otchedwa CVV. Chithunzi cha mbali zonse ziwiri chili ndi zonsezi. Munthuyo angagule katundu usiku wonse, khadi lili phee m'thumba mwanu. Ndipo makhadi ambiri amene tili nawo kuno ndi a debit, osati a ngongole, choncho zikuchokazo ndi ndalama zanu zenizeni za mbatatesi ndi kabichi zija, osati za banki.

Sitolo yeniyeni imakupatsani tsamba la pa intaneti lolipirirapo, manambala mumalemba nokha. Dzina la tsambalo lembani nokhanso pa foni, musadine linki yobwera pa meseji, chifukwa akuba amasintha chilembo chimodzi chokha tsamba n'kuoneka ngati lenileni. Kaloko kamene kamaoneka pamwamba, pafupi ndi https, kamangotanthauza kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa m'njira. Sikakutsimikizirani kuti mwini tsambayo ndi wachilungamo. Mbava nazonso zili nato timalokoti.

Tsopano za OTP, nambala yogwira ntchito kamodzi imene banki imatumiza pa foni mukamalipira. Apa mpamene ambiri amagwera m'mbuna. Wakuba akakhala ndi manambala a khadi, chimene chamutsalira ndi OTP basi, ndiye amaimba foni mwaulemu, akudzitcha wa ku banki, akuti akaunti yanu ili pangozi, muwerengereni nambala yabwerayo. Banki siifunsa OTP, PIN kapena CVV pa foni. Dulani. OTP ikabwera inu musakugula kanthu, dziwani kuti khadi lanu lili m'manja mwa wina. Ikabwera mukugula, muwerenge meseji yonse, muone ngati ndalama zimene zalembedwa zikufanana ndi mtengo. Koma musadalire OTP kwambiri, popeza masitolo ena akunja sapempha OTP n'komwe.

Inu a m'malire muli ndi vuto lina. Foni nthawi zina imagwira netiweki ya ku Mozambique, ndiye netiweki ikasowa mumangoti ndi zomwezija. Ikasowa kwa maola, anzanu pambali panu akuimba bwinobwino, pitani ku Airtel kapena TNM ndi chiphaso chanu. Mwina wina watulutsa simu ina pa nambala yanu kuti OTP izipita kwa iye.

Chimene timalimbikitsa kwambiri n'chakuti khadi logulira pa intaneti likhale pa akaunti yapadera. Muziikamo ndalama za chinthu chimene mukugula ndi kapamwamba pang'ono ka kusintha kwa ndalama zakunja, mpamba wonse ukhale kwina. Pemphani banki izikutumizirani meseji ndalama iliyonse ikatuluka. Kandalama kakang'ono kosadziwika musakanyozere, akuba amayamba ndi kochepa poyesa ngati khadi likugwira. Tsamba likafunsa ngati lisunge khadi lanu, kanani, makamaka pa foni yobwereka kapena kompyuta ya anthu ambiri.

Ndalama zikabedwa, mukatseketsa khadi pitani ku banki mukalembe fomu yokana malipirowo, mutatenga mameseji onse ndi zithunzi za zimene munkakambirana ndi wogulitsa. Kanenaninso ku polisi. Kudandaula kotere kuli ndi malire a masiku, ndipo ngati OTP munapereka nokha, kubwezeredwa kumavuta kwambiri.

Za pampuyo, funsani wogulitsayo tsamba la sitolo yake. Akapitiriza kuumirira chithunzi, musiyeni, mukafune pampu kwa ogulitsa amene mungawaone maso ndi maso n'kulandira lisiti.