Andigulula magalasi ndi batire, kodi alamu ingathandize?

Funso: Amisiri, ndili ndi Toyota Sienta imene imagona pabwalo pa nyumba ya lendi kuno ku Lilongwe. Mwezi watha akuba anagulula magalasi onse awiri a m'mbali, sabata ino atenga batire, loko wa chitseko nayenso amupotokola. Ndikuopa kuti ulendo wina atenga galimoto yonse. Ndiikitse alamu kapena tracker?

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Poti afika pogwira loko, mantha anuwo ndi omveka, ndipo musachedwe.

Alamu ikitsani, koma musagone tulo poidalira. Anthu anaizolowera, ikalira usiku aneba amangoti ndi mphaka wadumphira pa boneti. Wakuba wodziwa ntchito yake amathamangira kudula waya wa batire, phokoso n'kuthera pomwepo. Choncho sankhani ya sayirini yokhala ndi batire lakelake mkati. Akamaliza kuika, wamagetsi ayeze ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, moto umene galimoto ikudya ili yozimitsa. Ukapitirira kwambiri mamiliampu 50, muzidzapeza batire latha m'mawa.

Chimene ine ndimaikira kumbuyo ndi swichi yobisika ya pampu ya mafuta. Ndi yotchipa, koma imagwira ntchito yaikulu. Mmisiri amadula waya wopita ku relay ya pampu, kachipangizo kamene kamatsegulira pampuyo moto, n'kulumikizapo kaswichi kakang'ono. Mukakazimitsa, injini imazungulira bwinobwino, mwina n'kulira masekondi ochepa ndi mafuta otsala m'mapaipi, kenaka zii. Wakuba alibe nthawi yofufuza vuto pabwalo pa eni ake, amathawa. Koma pali zinthu ziwiri zimene sindilola kunyengerera. Swichiyo isakhale pansi pa chiwongolero, chifukwa aliyense amaika pamenepo ndipo dzanja la wakuba limayambira pomwepo. Komanso mawaya awotcheredwe ndi soda, mtovu wolumikizira mawaya, osati kungopota n'kukulunga tepi. Polumikiza pakakhwefuka, galimoto idzakuzimirani muli pa liwiro mumsewu wa M1, ndipo imeneyo ndi ngozi. Mukhalepo poikapo, ndipo malowo adziwe inu ndi amene amayendetsa basi.

Onaninso ngati galimoto yanu ili ndi immobiliser, chipangizo choletsa injini kulira ngati kiyi si wake weniweni, chifukwa zina zochokera ku Japan zimabwera zopanda. Kiyi wa chitsulo chokhachokha, wodulitsa kumsika, akaliza injini ndiye kuti mulibe. Zikatero wonjezerani loko wa chitsulo wa pa chiwongolero, wooneka bwino munthu akasuzumira pa windo.

Za magalasi, amene amagulula amafuna kukagulitsa msanga. Lembetsani nambala ya galimoto pa magalasi, pa nyali zakutsogolo ndi zakumbuyo, mozokota kuti isafufutike. Galasi lolembedwa nambala ya galimoto ina wogula amaliopa. Batire lipangitsireni chitsulo chopingasa kwa owotcherera, chotsekedwa ndi loko, ndipo tayala lililonse likhale ndi nati imodzi ya kiyi. Muuzenso makaniko ayang'ane kunsi, pa ekizozi pali catalytic converter, sefa ya utsi, imene akuba amaicheka chifukwa muli zitsulo zodula za platinum, palladium ndi rhodium. Ikachotsedwa galimoto imalira ngati thirakitala.

Tracker siletsa kuba, imathandiza kulondola galimoto ikapita. Imayendera SIM card, kaya ya TNM kaya ya Airtel, ndiye ikatha data kapena nambala ikatsekedwa, mwangonyamula kabokosi kopanda ntchito. Muziyesa pa foni mwezi ndi mwezi. Ikakusonyezani kumene galimoto ili, pitani ndi apolisi, osati nokha kapena ndi achibale.

Zimene zachitikazi kanenenitu kupolisi ndipo mutenge lipoti, a inshulansi amalifuna. Dziwani kuti inshulansi ya third party silipira katundu wanu wobedwa, imene imalipira ndi comprehensive, ndipo muwerenge bwino ngati zida zogululidwa zili m'gulumo. Mapepala a umwini wa galimoto asamagone m'galimoto.

Ndikupempheninso chinthu chimodzi mayi: pogula magalasi ena, kanani a mtengo wozizira opanda lisiti, chifukwa ndalama zimenezo ndi zimene zimabweza anyamatawa usiku. Loko wopotokolayo musinthitse sabata yomwe ino, ndipo pabwalopo muikepo babu lowala usiku wonse.